Abambo a mapasa awapeza ndi BP, manje ndiphike chani?

Amake Mapasa, Chilenje: Mwachoma bwanji nonse pa gulu. Mundipirire, nkhani yanga italikako. Lachiwiri abambo a mapasa anadandaula mutu, uja wa kumbuyo kuno pafupi ndi khosi, ati ukugunda ngati ng'oma, ndiye ndinawakakamiza kupita ku kiliniki, mudziwa amuna athu kupita kuchipatala mpaka uchite kuwakoka ngati mbuzi yopita ku msika. Kuwapima BP ili pamwamba, anawauza akhale pa benchi apumule, kupimanso chimodzimodzi. Anawapatsa mapilisi, kenaka anesi anaitana ine pambali ati mai chepetsani mchere, chepetsani saladi, mafuta ophikira aja, ma soseji ndi poloni musiye, muziphika zakudya za kumunda. Ine ndinangoti inde inde koma mumtima ndikuti mai inu simudziwa. Ndimaweruka 17 hours, pa mzere wa minibasi mu town ola lathunthu, ndifika kunyumba kwada, masiku ena malaiti kulibe, ana alira njala, chimene chimandipulumutsa ndi soseji ya hungarian ndi soya chifukwa mphindi khumi zapsa. Manje ndiphike chani? Ndipo chonde musanditumize ku mall, malipiro anga simuwadziwa.

Bachela wa Kalingalinga: Pepani amai. Ine nabwela chabe kumvela, pakuti mazila na buledi vanilemesa.

Mai wa pa Soweto: Iwe mwana wanga ku mall ukafune chani? Bwera kuno pa Soweto Loweruka m'mamawa, 05 kapena 06 hours, nthawi imene ma Canter a ku Chongwe, Chisamba ndi Mumbwa akutsitsa katundu. Nthawi imeneyo repu ikali ndi mame, matimati akali olimba, ndipo mtengo ndi uja timaodera ife. Ukabwera 11 hours ugula kwa ine ndipo ine ndiyenera kuikapo yanga, sindinama. Valako nsapato zakutha, osati zija za ku ofesi. Ndipo usamangogula repu ndi kabichi ngati kuti Mulungu analenga ndiwo ziwiri zokha. Pali chibwabwa, bondwe, kalembula, impwa, delele, lumanda, katapa, masamba a nyemba. Nyemba zili m'masaka, kabulangeti, Solwezi, Lusaka, usankha wekha. Ukandipeza ndikuikira mbasela.

Madamu wa ku Ibex: Ine ndinganene kuti muyambe ndi olive oil, oats m'mawa, ndi salad ya letesi madzulo. Nsima muisiye ndithu, ndi imene ikutipha. Ife kunyumba tinasiya chaka chatha.

Dalaivala wa ku Chawama: Kusiya nsima?? Madamu, munthu amene wadya letesi usiku ndiye kuti wagona ndi njala, tisanamizane. Ine nikadya mpunga kapena chipisi nimauka 01 hours kufunafuna nsima yotsala m'poto.

Amake Mapasa, Chilenje: Amai a ku Ibex zikomo koma botolo limodzi la olive oil ndi ndiwo za sabata yonse kwathu. Ndipo abambo awa ndi a ku Petauke, ndikawaikira letesi pa tebulo mawa lake ankhoswe afika.

Ambuya a ku Katete: Ana inu mwandiseketsa. Ine ndakhala mu Lusaka muno kuyambira nthawi ya Kaunda, ndinaima pa mizere ya ufa ndi makuponi, ndipo saladi imasowa miyezi, koma sitinafe. Timaphika bwanji? Nsinjiro. Mwana wanga wa ku Chilenje tamvera. Tenga chibwabwa, usadzule bwino, uthyola kaphesi kumapeto ndi kukoka kuti ulusi uja uchoke, ukachita ulesi pamenepa ndiwo zimakanda pakhosi. Utsuke kawiri katatu chifukwa chibwabwa chimasunga mchenga. Udule. Madzi pang'ono chabe m'poto, osati kumiza ngati ukuchapa zovala, akawira ponya masamba, tomato mmodzi kapena awiri pamwamba, vundikira. Zikangofota thira nsinjiro pamwamba, manja awiri, usavundule msanga, uleke nthunzi iphike nsinjiro zija kaye, kenaka ndiye uvundule ndi mthiko mpaka zigwirane, moto wochepa, zizichita kuti phwa phwa. Mafuta ali kale mu nshawa, saladi ya chani? Ndipo zotendera sizifuna mchere wambiri, zimakoma zokha. Amuna ako akadya zimenezo ndi nsima yotentha akakumbuka kwao.

Bachela wa Kalingalinga: Ambuya nalemba mu buku. Funso, peanut butter ya mu botolo siingagwile nchito? Mtondo nilibe, na landlord sangalole kusinja 20 hours.

Ambuya a ku Katete: Imagwira mdzukulu wanga, uisungunule kaye ndi madzi ofunda mu kapu. Koma uwerenge pa botolo, zina anathiramo shuga ndi mchere, ndiwo zako zizikoma ngati phala la mwana. Kuli bwino ugule nsinjiro zosinja kale pa msika kwa mai amene umamudziwa.

Sisita wa Night: Ndalowa mochedwa, ndinali mtulo, tagwira usiku. Amake Mapasa, choyamba, mapilisi aja asasiye ngakhale mutu uleke. Ambiri timawaona abwerera atagwa sitiroko chifukwa anamva bwino sabata ziwiri ndiye anati ndachira, kapena wina ku tchalitchi anawauza kuti adyo ndi ndimu zikwanira. Chakudya chimathandiza mankhwala, sichilowa m'malo mwake pokhapokha adokotala anene okha. Chachiwiri mchere. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, tsiku lonse, kuwerengera ndi uja uli kale mu buledi, soseji, poloni, ma cube ndi tuma supu twa m'mapaketi. Apa ndi pamene anthu amagwa. Mai amati ine ndachepetsa mchere, koma mu poto waponyamo ma cube awiri ndi supu ya paketi, osadziwa kuti zimenezo mbali yaikulu ndi mchere womwewo. Ngakhale soya ija mumaikonda, soya payokha ilibe mlandu, vuto ndi kapaketi ka zokometsera kali mkati. Tayani kapaketi, ikani anyezi, tomato, adyo ndi kampiripiri.

Amake Mapasa, Chilenje: Mayo ine, ma cube ndimaika awiri mu nyemba, awiri mu nkhuku. Ndimaona ngati ndikuchita bwino pakuti mchere weniweni ndimangowaza pang'ono.

Sisita wa Night: Simuli nokha. Ndipo mbale ya mchere ija ya pa tebulo ichoke. Musachepetse tsiku limodzi lokha zonse, adzakana chakudya, muzichepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita masabata angapo.

Mulamu wa ku Kasama: Ba mbuya ba kumawa mwayamba kutiphunzitsa kuphika ifisashi, ndiwo zotendera? Imwe bene ba mbeba? Amake Mapasa musavutike, gwirani mbewa ziwiri kuseri kwa nyumba, zilibe saladi, zilibe cube, BP izatsika lelo lomwe.

Dalaivala wa ku Chawama: Aaa wafika wodya kolwe, pusi uja. Mulamu, mbewa ni nyama ya ulemu, imadya mbewu za m'munda chabe, osati ija nyama yanu ili na manja monga munthu.

Adimini: Chimbuya chanu, kusekana kwa a kumawa ndi a Bemba kuja, mukachitire ku maliro uko, pano tithandize mai wa mapasa. Koma mbewa zisanyozedwe pa gulu lino, adimini ndi wa ku Chadiza.

Mulamu wa ku Kasama: Kkkkk chabwino nagonja. Koma zoona, pa kapenta mundimvere ine. Ya Mpulungu ndi ya ku Tanganyika, ikuluko ndipo imadula. Ya Siavonga ndi ya ku Kariba, ing'onoing'ono, ndipo nthawi zambiri imakhala ya mchere pakuti amaithira mchere poyanika. Ya ku Kariba anachita kuitenga ku Tanganyika kwathu m'ma 1960, ndiye muzitilemekeza. Kwa munthu wa BP, iviikeni m'madzi ofunda mphindi khumi kapena kuposa, tayani madzi, tsukaninso, mchenga ndi mchere zichoke. Ndipo simufunika kuisambitsa mu saladi mpaka iziyandama. Ikazingeni pouma pa pani kaye, supuni imodzi ya saladi, anyezi, tomato, basi osathiranso mchere. Kapena muitendere nayonso, kapenta ya nsinjiro ana amanyambita mbale.

Sisita wa Night: Ndipo kapenta timadya ndi minga yomwe, ndiye calcium ali momwemo. Kwa mapasa ndi yabwino kwambiri, mukhoza kuisinja ndi kuthira mu phala.

Amake Mapasa, Chilenje: Zonsezi ndamva ndipo ndathokoza, koma palibe amene wayankha za nthawi. Nyemba za kabulangeti pa mbaula ndi maola atatu, malasha thumba mudziwa mtengo wake. Kusadzula chibwabwa 19 hours ndi tochi ya foni pakamwa, mwana wina akukoka chitenge? Anthu amakamba ngati ife timadya soseji chifukwa cha ulesi kapena kusadziwa. Ine ndinakulira ku Nyimba, kuphika ndimadziwa, chimene ndilibe ndi nthawi ndi moto.

Mai wa pa Soweto: Apo wanena zoona mwana wanga. Ine ndimagulitsa ndiwo tsiku lonse koma ndikafika ku Kanyama usiku nanenso nthawi zina ndimangogula mazira pa kantemba. Wogulitsa chibwabwa kudya mazira, tangoganiza.

Aphunzitsi a ku Chelstone: Amake Mapasa funso lanu ndi limene lili lenileni, ndipo ine ndinalimbana nalo mu 2024 chilala chija, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti amabwera maola atatu pena pakati pa usiku. Ndikuuzeni zimene ndinaphunzira ndi misozi. Nyemba ndimaviika Lachisanu usiku ndisanagone, meda theka. M'mawa ndimataya madzi aja, kuthira ena, kuika pa mbaula ziwire kwambiri, kubwata kwenikweni, mphindi makumi awiri kapena atatu. Kenaka poto yomweyo yovundikira bwino ndimaikulunga mu bulangeti lakale, kuika mu dengu kapena katoni, pilo pamwamba, ndi kuisiya. Ndikapita ku msika ndi kuchapa, pobwera masana nyemba zafewa zokha ndi kutentha kuja, malasha ndagwiritsa ochepa. Apongozi anga atandiona koyamba anati mwana uyu wapenga, wagoneka nyemba pa bedi ngati mwana. Manje nawonso amachita. Chinthu chimodzi, musadumphe kubwatitsa kuja, nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba, ndipo musasiye poto mu bulangeti mpaka mawa, ikazizira zimasasa. Zikapsa ndimagawa mu tuma kontena twa lunch, twina mu filiji. Lolemba nyemba za tomato, Lachitatu nyemba zosakaniza ndi chibwabwa, Lachisanu zofufuta ndi samp. Masamba nawo ndimasadzula ndi kudula Sande masana ndikumvera wailesi, ana amathandiza, osatsuka, ndimangokulunga mu nsalu kapena pepala, kutsuka ndi tsiku lophika. Bondwe ndi kalembula sizichedwa, mphindi zisanu mpaka khumi zapsa, soseji yomwe imachedwa kuposa bondwe.

Amake Mapasa, Chilenje: Za bulangeti izi sindinamvepo! Filiji yanga malaiti akapita tsiku lonse imasungunuka koma, nyemba sizingaonongeke?

Aphunzitsi a ku Chelstone: Ikani mabotolo a madzi mu freezer aume, malaiti akapita amasunga kuzizira, ndipo ana asamatsegule tsegule. Koma mukaona kuti sabata imeneyo magetsi avuta kwambiri phikani za masiku awiri chabe. Nthawi ino ya June kukuzizira, zimapirira. October ndi nkhani ina.

Ambuya a ku Katete: Ndipo filiji yathu ife inali dzuwa. Mfutso mwaiwala? Nthawi ya mvula masamba a nyemba ndi khobwe akachuluka mpaka kutaya, umawafutsa pang'ono m'madzi owira, kuyanika pa mphasa, akauma kusunga mu chikwatu kapena m'thumba. Nthawi ngati ino umangoviika, kutendera, ndiwo zapsa. Ine mpaka lero mng'ono wanga amanditumizira pa basi ya ku Chipata, pamodzi ndi nshawa za Chalimbana ndi ufa wa mgaiwa. Ana a masiku ano akaona mfutso ati ni vakudya va ku village. Mdzukulu wanga wina anandiuza kuti ambuya musaphike ivo anzanga akabwela. Ndinaphika dala. Anzake anamaliza poto, iye ndi amene anatsala ndi manyazi ake.

Dalaivala wa ku Chawama: Ambuya mwakamba. Manyazi ndiye matenda athu mu Lusaka. Munthu akagula bondwe amaibisa pansi pa chikwama, pamwamba aika paketi ya soseji kuti ma neighbour aone. Nimaona mu basi daily.

Bachela wa Kalingalinga: Nanga soda? Amai anga delele na lumanda saphika popanda soda. Niona anthu pa TikTok akuti ni poison.

Ambuya a ku Katete: Poison ya chani, tadya zaka zonsezi. Kwathu sitimagula ndi soda yomwe, timapanga chidulo. Umaotcha zitsononkho za chimanga kapena makoko a nshawa, phulusa lija uika mu kachitini koboola pansi, kuthira madzi, amene akudontha pansiwo ndiye chidulo. Delele wa chidulo ndi wa soda ya mu sitolo ndi zinthu ziwiri zosiyana, fungo lake lokha.

Sisita wa Night: Ambuya ndikulemekezani koma apa ndilowererapo pang'ono. Si poison, zoona. Koma soda ya mu sitolo dzina lake lonse ndi sodium bicarbonate, ndipo sodium yemweyo ndi amene tikuthawa mu mchere. Ndiye munthu wa BP akadya delele wa soda wodzaza supuni, ndi mchere pamwamba, waonjezera kawiri. Chinanso soda, ngakhale chidulo, imaononga mavitamini ena m'masamba, makamaka vitamini C ndi B1. Ine sindinena kuti musiye delele, ndimadya nanenso, koma kansonga ka supuni kakwanira, ndipo chibwabwa chanthete, bondwe, repu, kalembula sizifuna soda ngakhale pang'ono. Anthu amathira kuti zipse msanga ndi kuoneka zobiriwira, mapeto ake ndiwo zimachita phala.

Ambuya a ku Katete: Pa chibwabwa chanthete ndavomera. Pa delele sindivomera, delele wopanda chidulo ndi chipongwe. Tidzakambirana kumwamba.

Mulamu wa ku Kasama: Katapa yekha musamufulumizitse ndi moto wochepa. Masamba a tute, chinangwa chija, amafuna kusinja bwino ndi kuwira nthawi yaitali, poto osavundikira poyamba, chifukwa ali ndi ululu wake umene umachoka ndi kuphika. Ameneyo ndi wa pa Sande, osati wa pambuyo pa nchito.

Madamu wa ku Ibex: Chabwino mwandiseka za letesi, koma pa nsima ndikali pomwepo. Ufa wa bulekifasti uja woyera mbee mulibe kanthu, ndi sitachi chabe.

Aphunzitsi a ku Chelstone: Apo madamu muli ndi mfundo theka. Bulekifasti amachotsa gaga ndi kamtima ka chimanga, ndiye imatsala yoyera ndi yosalala, koma zambiri zabwino zapita ku nkhuku ndi nkhumba. Rola amachotsa pang'ono, mgaiwa sachotsa kanthu. Ndipo rola ndi yotchipa kuposa bulekifasti, apa thumba ndi thupi zikugwirizana. Ine ndimagula chimanga ndi kupita nacho ku chigayo, nthawi zina ndimasakaniza ndi mapira kapena mawere pang'ono. Chimanga cha orange chija chili ndi vitamini A nachonso ndinayesa, nsima yake imatsekemerako, ana anaikonda, bambo awo anati ikuwakumbutsa yellow maize ya nthawi ya njala ndipo anakana.

Sisita wa Night: Kungoonjezera, rola kapena mgaiwa si chilolezo chodya mitanda isanu. Kwa a shuga makamaka, nsima ndi nsima. Onani mbale yanu, ife timadya phiri la nsima ndi ndiwo za masamba kasupuni kamodzi pambali ngati zokongoletsa. Tembenuzani, masamba achuluke, nsima mtanda umodzi kapena iwiri yaing'ono.

Dalaivala wa ku Chawama: Mtanda umodzi sisita? Mufuna nikagwe pa steering pa Kafue roundabout?

Sisita wa Night: Inu a dalaivala mumakhala pa mpando kuyambira 05 mpaka 20 hours, amene amathamanga ndi kondakitala. Mpatseni iye mitanda inayo. Ndipo mubwere tikupimeni, ndi ulere.

Mai wa pa Soweto: Kkkkk sisita mwamulasa. Koma popeza mwatchula chigayo ndi nshawa, ndikuchenjezeni monga wa pa msika. Si zonse za kumunda zili bwino. Mukumbuka August 2024 a unduna wa zaumoyo analengeza kuti apeza aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, mu ufa wina, agalu ambiri atafa? Chuku chimenecho chimagwira chimanga ndi nshawa zosauma bwino kapena zosungidwa ponyowa. Ndiye pogula nshawa tengani dzanja limodzi muyang'ane, zofota, zakuda, zobooka, zonunkha chinyontho, zowawa mukaluma, siyani ngakhale mtengo utsike bwanji. Kunyumba musankhenso pa lichero musanasinje. Ndipo apa ndi pamene nsinjiro zosinja kale zimandiopsa, pakuti ena osaopa Mulungu amasinja zija zotsala posankha, mu ufa simungaone. Ndi chifukwa ambuya anati kwa mai amene umamudziwa.

Sisita wa Night: Ndipo kuphika sikuchotsa aflatoxin, kukazinga kapena kuwiritsa sikuthandiza kwenikweni, imaononga chiwindi pang'onopang'ono. Kusankha ndiye mankhwala. Chinanso ndi madzi. Tonse tikumbuka kolera ya kumayambiriro kwa 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, masukulu osatsegula mpaka February. Masamba ena mu town muno amathiriridwa ndi madzi a m'ngalande. Tsukani ndi madzi abwino, a klorini kapena owiritsa, ndipo nthawi ya mvula za ziwisi muzisamala nazo. Pamenepa ndiwo zathu zophika zimaposa letesi ya madamu.

Madamu wa ku Ibex: Letesi yanga ndimalima ndekha kuseri, ya borehole. Koma chabwino, Loweruka ndiphika lumanda, mundisiye.

Bachela wa Kalingalinga: Kulima kuseri kwa amene ali na kuseri. Ine kuseri kwanga ni chipupa cha neighbour.

Aphunzitsi a ku Chelstone: Thumba la ufa lakutha, dothi, manyowa a nkhuku, boola m'mbali, bzala kalembula. Umangodula nsonga za mbatata ndi kuzika, imaphuka yokha, madzi otsukira mpunga ndi masamba omwewo akwanira. Thumba limodzi pakhomo ndi ndiwo kawiri pa sabata kwa munthu mmodzi. Bondwe ndiye safuna ndi kupemphedwa.

Amake Mapasa, Chilenje: Nanga m'mawa? Abambo awa ndi buledi, margarine, poloni, tiyi wa masupuni atatu a shuga. Ana chimodzimodzi.

Ambuya a ku Katete: Nthawi ino ya kandolo ukufunsa za m'mawa? Mbatata ya Chingovwa yadzaza pa msewu uliwonse. Phika usiku pa moto wotsala ukatha nsima, makala aja amangotha pachabe, m'mawa ndi tiyi basi. Tsiku lina maungu, tsiku lina tute, tsiku lina phala la mgaiwa la nsinjiro. Futali umaidziwa, mbatata yotendera, wakulira ku Nyimba iwe. Ana apatse masau ndi nthochi m'chikwama m'malo mwa tuma jiggies, masau ayamba kale kufika kuchokera ku Luangwa. Ikafika November masuku, December mango mpaka kutaya.

Dalaivala wa ku Chawama: Kandolo m'mawa mu basi yodzaza, mawindo otseka chifukwa cha mphepo. Ambuya mutiganizireko ife ogwira nchito na anthu.

Adimini: A dalaivala chenjezo loyamba kkkkk.

Amake Mapasa, Chilenje: Ndabweranso anthu anga, sabata yatha, ndikuuzeni mmene zayendera. Loweruka ndinapita pa Soweto 06 hours ndi nsapato zakutha monga munanena. Amai a pa Soweto ndinawapeza ndipo mbasela anandiikira zoona, impwa zodzaza manja awiri. Ndinagula kabulangeti, nshawa, kapenta ya Siavonga, chibwabwa, bondwe, tomato, anyezi ndi kandolo, ndalama yake inachepera ija ndimasiya ku butchery ndi pa kantemba sabata imodzi, koma kunyamula, mapewa mpaka lero akuwawa, ulendo wina nditenga wa wilibala. Nyemba za mu bulangeti ulendo woyamba sizinapse bwino, ndinafulumira kuchotsa pa moto ndipo chivundikiro changa ndi chopindika, ndinachita kubwezera pa mbaula. Ulendo wachiwiri ndinabwereka poto ya aneba, zinafewa ngati zophika tsiku lonse. Mapasa bondwe akana, mmodzi analavula pa chitenge changa, koma futali ndi kapenta yotendera amalimbirana. Abambo awo chibwabwa chotendera anadya chete chete, kumaliza ati amai anga amaika kampiripiri, ndiye kuti chakoma, amuna a ku Petauke sayamika poyera. Koma Lachinayi ndikuchapa ndinapeza kapepala ka mchere m'thumba la jekete yawo. Kuwafunsa ati ndi ka mazira owiritsa a ku nchito. Mazira ake ati, sindinawaphikire mazira ine.

Sisita wa Night: Kkkkk odwala anga onse ali ndi kapepala kameneko. Musakangane nawo, afinyireni ndimu pa ndiwo ndi kampiripiri kaja akufuna, pakamwa pakamva kuwawasa sipafunanso mchere kwambiri. Tsiku la review mupite nawo, ndipo kapepalako mukakatchule pamaso pa anesi.

Mulamu wa ku Kasama: Mwaona, mukanamvera za mbewa sembe zonsezi kulibe.

Bachela wa Kalingalinga: Ine nayesa chibwabwa ya ambuya na peanut butter. Yapsa bwino koma pansi pa poto yagwila, nakwecha mpaka manje. Nalakwitsa pati?

Ambuya a ku Katete: Moto unachuluka ndipo unapita pa foni. Nsinjiro zikalowa suchoka pa poto. Viika potoyo ndi phulusa usiku, mawa ichoka. Ndipo unasadzula?

Bachela wa Kalingalinga: Kusadzula ni kuchita bwanji kansi ambuya, nenze naganiza ni kudula chabe

Ambuya a ku Katete: Mayo ine. Amake Mapasa, Loweruka ukapita ku Soweto umutenge mwana uyu akunyamulire katundu, pobwera mudzere kuno ku Mtendere ndi chibwabwa cha K10, ndimuonetse ndi manja.